Ulendo wa gulu pa njinga zamoto kuchokera mu Zomba: kunyamuka pamodzi, kubwerako nonse

Munthu akamayendetsa njinga yamoto ali yekha, maso ake amakhala pamsewu. Mukangondondozana asanu ndi atatu kapena khumi, maso a ambiri amachoka pamsewu n'kukakamira pa tayala lakumbuyo la mnzawo. Wakutsogolo akalowa pakona mothamanga, wapambuyo amalowanso momwemo. Akapitirira minibasi, wapambuyo amangotsatira osaona n'komwe ngati kutsogoloko kukubwera lole. Chimene chimamuchititsa zimenezi ndi mantha otsalira. Choncho ulendo wa gulu uyenera kukonzedwa mwakuti aliyense aziyendetsa njinga yake ndi maso ake, ali ndi chikhulupiriro choti ngakhale atatsalira, anzake samusiya panjira. Kuyenda awiri si mantha, koma awiriwo azikhala atagwirizana kayendedwe.

Ndikulembera makamaka timagulu ta kuno ku Zomba ta njinga zapakati pa 100cc ndi 200cc, monga Boxer, Lifo, King Lion, TVS ndi Yamaha AG kapena DT zija amayendera alangizi a zaulimi.

1. Sankhani njira poganizira amene sanazolowere

Njira zimene timakonda kuno ndi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Yakuphiri ndi yaifupi koma ndiyo yofuna luso kwambiri. Tauni ya Zomba ili pansi pa mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, ndipo msewu wokwerera ku Ku Chawe ndi wopapatiza, wa makona okhaokha. Ya ku Kachulu, kugombe la nyanja ya Chilwa, ndi makilomita pafupifupi 30, mbali yaikulu ya fumbi: mchenga m'chilimwe, matope m'dzinja. Yachitatu ndi M3, ya tala, yolowera ku Liwonde kudzera Songani, Domasi ndi Malosa, makilomita 50 ndi pang'ono, kapena yolowera ku Limbe kudzera Thondwe ndi Namadzi.

Ngati pagulu pali wina amene wangoyamba kumene kuyendetsa, musayambire kuphiri, ngakhale kuli kokongola chotani. Yambani ndi ulendo wa m'mamawa wa ku Domasi kapena ku Liwonde kuti muonane kayendetsedwe. Funsaninso tsiku la msika pa Songani kapena pa Thondwe, chifukwa tsiku limenelo msewu umasanduka wa anthu oyenda pansi, mbuzi ndi akabaza. Mukapitirira asanu ndi atatu, gawanikani magulu awiri osiyana ndi mphindi zisanu, aliyense ndi mtsogoleri wake. Mndandanda wautali wa njinga umavutitsa magalimoto ofuna kupitirira, ndipo dalaivala wotopa ndi kudikira amadzalowerera pakati panu.

2. Mapepala ndi zovala

Laisensi ya A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, ndipo yoposa pamenepo imafuna A. Onjezani inshuwalansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi nambala yooneka bwino. Munthu mmodzi wopanda mapepala amaimitsa gulu lonse pa rodibuloko, ndiye nenani zimenezi pa WhatsApp kukadali masiku.

Helemeti ikhale yomanga lamba pachibwano, ya wokwezedwa chimodzimodzi. Yosamanga imavuka mutu usanafike pansi. Valani jekete yolimba, thalauza lalitali, magolovesi ndi nsapato zokwirira akakolo. Masilipasi ndi kabudula ayi, ngakhale mu Okutobala. Mtsogoleri ndi wotsekera kumbuyo avale zonyezimira zija kuti azidziwika patali.

3. Yenderani njinga dzulo lake, osati m'mawa wa ulendo

Chifukwa chake n'chosavuta: mukapeza vuto madzulo, makaniko akadalipo ndipo mashopu a zipangizo akadali otsegula.

Yambani ndi matayala akadali ozizira. Kufinya ndi chala sikuuza kanthu, pimani ndi geji. Njinga zambiri zazing'ono zimafuna mpweya wapakati pa 25 ndi 33 psi, lakumbuyo wochulukirapo makamaka mukakweza munthu, koma nambala yeniyeni imalembedwa m'buku la njingayo kapena pa kachipepala komata pafupi ndi tcheni. Zungulitsani tayala pang'onopang'ono kufufuza misomali, minga ndi ming'alu m'mbali. Gogodani masipoko ndi sipanala: lolimba limalira bwino, lomasuka limangoti phwa.

Tcheni muchikankhe ndi chala pakatikati, chakumunsi. Chizisewera masentimita 2 kapena 3. Chokhwepa chimavuka pa maenje, cholimbitsa chimadya masipuloketi ndi maberingi. Yang'anani mano a sipuloketi: akasongoka n'kupindikira mbali imodzi, nthawi yake yatha, ndipo musinthe tcheni ndi masipuloketi onse awiri limodzi. Tchenicho muchipake oyilo madzulo omwewo kuti alowerere usiku.

Oyilo wa injini mumuone njinga itaima chilili pamalo osapendekeka. Wa DT akumbukire kathanki ka oyilo wa 2T, amene amapsa limodzi ndi petulo, chifukwa kakauma injini imagwirana osachenjeza. Kenako mabuleki. Chogwirira chakutsogolo chisafike pa handulo mukachifinya, ndipo chopondera chakumbuyo chisamire mpaka pansi. Onani makebulo a kilatchi ndi a moto pamene amalowera m'chogwirira, poti ndi pamene timawaya timayambira kuduka kamodzikamodzi. Malizani ndi nyali, ma indiketa, nyali ya buleki, huta, magalasi, ndi mabawuti a mawilo ndi a ekizozi.

Petulo thirani pa filing'i madzulo omwewo. Mafuta akasowa tonse timadziwa kumene timathamangira, koma wa m'zigubu ndi m'mabotolo nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala, ndipo vuto lake limadzaonekera pakati pa chitunda. Mukakakamizika kumugula, msefeni pa kansalu koyera, ndipo onani pansi pa botolo: madzi amakhazikika pansi, osasakanikirana ndi petulo.

4. Zonyamula muzigawane

Si aliyense ayenera kusenza chilichonse. Aliyense akhale ndi pulagi yatsopano ya njinga yake, sipanala ya pulagi, mafiyuzi, madzi akumwa ndi foni yodzaza moto. Gulu lonse ligawane pampu, zigamba ndi guluu wake, zitsulo zotsegulira tayala, chubu chakutsogolo ndi chakumbuyo, masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, pulayala, sikuludilaiva, kebulo ya kilatchi, kaloko kolumikizira tcheni, waya, tepi yakuda, malegeni, tochi ndi kabokosi ka mabandeji. Zolemera zikhale ndi wotsekera kumbuyo, popeza ndi iye amene amafika pa aliyense wovutika.

5. Mphindi khumi musanalize injini

Gawo ili ambiri amalidumpha chifukwa cha changu, komatu ndi limene limagwira ulendo wonse. Imani mozungulira, mahelemeti ali m'manja.

Sankhani mtsogoleri wodziwa njira ndi wa mtima wofatsa, osati wa njinga yothamanga kwambiri. Sankhani wotsekera kumbuyo wodziwa zokonzakonza. Amene sanazolowere aikidwe pambuyo penipeni pa mtsogoleri. Kumbuyo kwa mndandanda n'kovuta kuposa kutsogolo, chifukwa mtsogoleri akawonjezera liwiro pang'ono, womaliza amayenera kuthamanga kwambiri kuti atseke mpata. Tchulani malo opumira, kuti wotsalira adziwe kokupezani. Patsanani manambala a foni, kuphatikizapo ya wachibale wa aliyense.

Gwirizanani zizindikiro, zonse ndi dzanja lamanzere popeza lamanja lili pa moto ndi buleki. Chibakera m'mwamba, tikuima. Chikhatho chogwedezera pansi, chepetsani liwiro. Chala chimodzi m'mwamba, mzere umodzi. Kuloza thanki, mafuta atsala pang'ono. Dzenje kapena mwala lozani ndi phazi la mbali imene kuli choopsacho. Aliyense woona chizindikiro achipereke kwa wakumbuyo.

Kenako malamulo awiri anenedwe mokweza, aliyense amve. Loyamba: aliyense ayang'anire wakumbuyo kwake pagalasi. Nyali yake ikasowa, chepetsani liwiro, ndipo pamphambano imani pamalo oonekera mpaka atatulukira. Aliyense akatero, uthenga umafika wokha kwa mtsogoleri. Lachiwiri: palibe kupitirirana mkati mwa gulu, ndipo palibe wothamangira kupeza anzake. Mtsogoleri amuuze watsopano uja maso ndi maso: "Achimwene, yendani liwiro limene mtima wanu uli nalo pamtendere. Mukatsalira tikudikirani pa Domasi, musathamange." Mawu amenewa amachotsa mantha aja.

Mowa ayi, ngakhale botolo limodzi pa nkhomaliro. Ameneyo adikire njinga zikalowa m'nyumba.

6. Pa M3

Nyali zikhale zoyaka ngakhale masana. Pamene msewu uli wotakata ndi wowongoka mutha kuyenda mosinthanitsa, mtsogoleri chakumanja kwa mbali yathu ya msewu, wachiwiri chakumanzere, wachitatu chakumanja, motero. Koma kunena zoona, malo ambiri a msewu wa ku Liwonde salola zimenezi. M'mphepete muli njinga zakapalasa zosenza makala ndi matumba, ndipo tala wake ndi wodyeka m'mbali. Pamenepo yendani mzere umodzi.

Mpata pakati pa inu ndi wakutsogolo ukhale wa masekondi awiri kapena kuposa. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola mumayenda mamita pafupifupi 17 sekondi iliyonse, ndiye masekondi awiri ndi mamita oposa 30. Poyeza, mnzanu akadutsa pa mtengo kapena pa chikwangwani, nenani mosafulumira kuti "Songani, Domasi, Malosa". Mukafika pa mtengowo musanamalize, mwayandikira kwambiri. Kukagwa mvula wirikizani mpatawo.

Kupitirira galimoto ndi nkhani ya munthu mmodzimmodzi. Kuti mnzanu wadutsa sizitanthauza kuti inunso mudutsa. Onani nokha, ganizani nokha. Amene wapitirira asachepetse liwiro msanga, asiye malo oti wotsatira adzalowepo.

Minibasi ikaona munthu m'mbali mwa msewu imaima pomwepo, ndipo ikadzaza imalowanso mumsewu mosayang'ana. Ikaima, yembekezerani kuti kutsogolo kwake kutulukira munthu wowoloka. Mbuzi imodzi ikawoloka, ana ake ali m'mbuyo. Mwana akaima mbali ina ya msewu mayi ake ali mbali inayo, konzekerani buleki. Mahampu a m'matauni ang'onoang'ono ena penti yake inafufutika, choncho mtsogoleri apereke chizindikiro msanga. Masamba kapena nthambi zoikidwa pa tala zikutanthauza kuti kutsogolo kwafa galimoto kapena pali maliro, ndipo zonse ziwiri zikufuna kuti muchepetse liwiro.

Dzenje mukaliona mochedwa musakhotetse mwadzidzidzi. Gwirani buleki musanalifike, imasuleni tayala lisanalowe, dzukani pang'ono pa mpando, mulidutse mowongoka. Ndipo maso aziyang'ana pamene mukufuna kudutsa, chifukwa njinga imapita kumene maso aloza. Mukayang'anitsitsa dzenje, mulowamo.

Mvula yoyamba ya mu Novembala ndiyo yoterera kuposa zonse, poti imanyamula fumbi, dizilo ndi oyilo zimene zaunjikana pa tala chilimwe chonse. Ikakupezani panjira, imani pakhonde la sitolo theka la ola kuti msewu utsukike.

7. Kuphiri

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndimaona anthu odziwa kuyendetsa bwino m'tauni akusokonezeka.

Pokwera yendani mzere umodzi, motalikirana kuposa pa M3. Giya ikhale yachiwiri kapena yachitatu, ndipo muisinthe musanalowe pakona, osati muli mkati mwake. Khalani kumanzere kwenikweni pa makona osaona kutsogolo, muimbe huta. Kotsika kumabwera malole a matabwa ndi zipika amene amadya msewu wonse pokhota, magalimoto a alendo osaudziwa msewuwo, ndi njinga zakapalasa zosenza nkhuni zimene mabuleki ake sangaimitse katundu wotere msanga. Amayi osenza mitolo yaitali ya nkhuni muziwapatsa mpata waukulu. Mukawaimbira huta pafupi, amatembenuka kuti aone, ndipo mtolowo umatembenuka nawo n'kupingasa msewu. Imbani mukadali patali, kamodzi, kenako dutsani pang'onopang'ono. Anyani amakhala pamsewu, ana ogulitsa zipatso amathamangira aliyense wooneka ngati aima. Ngati mukufuna kugula masitiroberi, gulu lonse liimire pamalo owongoka, osati pakona.

Injini ikamakwera imafooka, ndipo si kuti yawonongeka. Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ndipo pa mamita 1,000 alionse injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake. Tsitsani giya basi. Musayambe kupotokola masikuluwu a kabuleta pamsewu, mudzavutika nawo mukatsika. Njinga ikakuzimirani pachitunda, gwirani buleki yakutsogolo, lizani, lowetsani giya yoyamba, kenako pondani buleki yakumbuyo, phazi lamanzere pansi, ndipo mumasule buleki pokhapokha mukamva kilatchi yayamba kukoka.

Pamwamba, mukapitirira damu la Mulunguzi kulowera ku Emperor's View, pamene anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, kapena ku Queen's View ndi ku Chingwe's Hole, njira zake ndi za dothi ndi miyala. Masamba a paini akaunjikana amaterera ngakhale kuli kouma, ndipo malo amthunzi osafika dzuwa amamera ndere. Njira za m'nkhalangomo zimafanana ndipo zili ndi mphambano zambiri, choncho lamulo lodikirana pamphambano ligwire ntchito pa iliyonse. Kutenga mmodzi mwa anyamata operekeza alendo kuphiriko n'kwanzeru ngati palibe wodziwa njira.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo pamwamba pamazizira kwambiri ngakhale m'tauni muli dzuwa. Nyamulani juzi. Zala zozizira sizigwira buleki msanga. Nkhungu ikatsika, nyali ikhale yotsitsa, chifukwa yokweza imangobwerera m'maso mwanu. Tsegulani galasi la helemeti pang'ono kuti lisachite nthunzi. Ikafika poti simukuona nyali ya mnzanu, imani nonse kunja kwa msewu mudikire.

Kutsika ndiko koopsa kuposa kukwera. Giya imene munakwerera ndi yomwe mutsikire, kuti injini izigwira njinga. Chizolowezi chozimitsa injini kapena kuika nyutulo potsika pofuna kupulumutsa petulo chisiyeni kutali ndi gulu lanu. Mukatero katundu yense amagwera pa mabuleki, ndipo mabuleki akatentha amaleka kugwira: a dilamu chitsulo chimafutukuka n'kutalikirana ndi zogwirira zake, a disiki mafuta ake amatha kuwira. Petulo amene mwapulumutsayo sakwana n'kapu yomwe. Musakhalitse phazi pa buleki yakumbuyo njira yonse. Gwirani mabuleki onse awiri mwamphamvu pamalo owongoka, chepetsani liwiro, masulani, lowani pakona maso ali kotulukira. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, makamaka potsika pamene kulemera konse kuli kutsogolo, koma muifinye pang'onopang'ono, osati kuitsekereza kamodzi. Mukamva fungo lopserera kapena chogwirira chikafewa, imani mphindi 15. Musathire madzi pa chitsulo chotentha, chimapindika. A njinga ngati DT adziwe kuti injini yawo sigwira kwambiri potsika, ndiye apume kawirikawiri. Mtsogoleri asankhiretu malo amodzi opumira pakati pa mtsetsewo.

8. Njira ya ku Kachulu

Pa mchenga chepetsani liwiro musanalowe, giya yachiwiri, moto wosasinthasintha, thupi chakumbuyo, manja omasuka. Handulo imagwedezeka, ilekeni igwedezeke. Buleki yakutsogolo musaikhudze muli mumchenga. Talikiranani mpaka fumbi la mnzanu litakhazikika, chifukwa m'fumbimo mumabisala ngolo ndi njinga za ogula nsomba zobwerera kunyanja ndi madengu otambalala.

M'dzinja dothi la kuchigwako limamata. Likadzaza pakati pa tayala lakutsogolo ndi madigadi, wilo limaleka kuzungulira n'kukugwetsani, ndiye muziima kulikokota ndi kamtengo. Madzi odutsa pamsewu muyambe mwawayenda wapansi ndi ndodo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu yambiri m'chigawo cha kummwera, ndipo aliyense anaona mmene madzi amadyera pansi pa njira pamwamba pakuoneka bwinobwino. Ngati akuthamanga kapena afika m'mawondo, bwererani. Ngati ndi ochepa, wolokani mmodzimmodzi pa giya yoyamba, ndipo mukatuluka gwirani mabuleki kangapo kuti aume.

M'midzi yendani mwaulemu. Anthu amayanika mpunga ndi chimanga m'mphepete mwa njira, ana amasewera pomwepo. Mukapeza masamba a maliro, tsitsani moto, huta ayi, ndipo mukaona anthu a m'deralo akutsika pa njinga zawo, inunso tsikani mukankhe. Pofunsa njira zimitsani injini, kwezani galasi la helemeti, yambani ndi moni: "Muli bwanji bambo? Zikomo, njira ya kudoko ndi yomweyi?" Tsiku lina gulu lanu lidzafuna malo osungitsa njinga yowonongeka m'mudzi womwewo.

9. Njinga ikazima panjira

Gulu lonse lisaunjikane pamsewu. Kankhirani njingayo kunja kwa tala, atsale mwini wake, wotsekera kumbuyo ndi wina mmodzi, enawo akadikire pamalo otakata. Musalole anthu asanu kumasula zinthu zisanu nthawi imodzi.

Funso loyamba kwa mwini wake ndi lakuti, "Yazima bwanji?" Ngati inayamba kutsamwa, kukoka n'kusiya, kenako n'kuzima, ganizirani mafuta. Ngati yangoti zii kamodzi, ganizirani magetsi.

Yambani ndi zophweka. Kabatani kofiira ka pa handulo kamakhudzika ndi golovesi. Njinga zina sizilira sitandi ya m'mbali ili pansi. Kampopi ka petulo kakhale pa ON, ndipo ngati mafuta achepa katembenuzireni pa RES. Choko chikaiwalika chotsegula injini itatentha, njinga imatsamwa ndi kutulutsa utsi wakuda.

Zikakhala bwino zimenezo, tsatirani mafuta. Tsegulani chivindikiro cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu ndipo njinga n'kulira pambuyo pake, kabowo kopumira ka pa chivindikirocho katsekeka. Ngati si zimenezo, zulani kapaipi kopita ku kabuleta muone ngati petulo akutuluka mokwanira. Akamangodontha, fyuluta kapena kampopi katsekeka. Akamatuluka bwino, masulani sikuluwu ya pansi pa kabuleta, mukhetsere petulo m'kabotolo koonekera mkati. Madzi ndi zinyalala mudzaziona pansi. Khetsani mpaka atayera, mangani. Injini yotentha ndi fodya zikhale kutali ndi ntchito imeneyi.

Kenako moto. Masulani pulagi muione kumutu. Yofiirira ngati khofi wamkaka ili bwino. Yakuda ya mwaye ikusonyeza petulo wochuluka kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, zimene zimachitika kawirikawiri pobwera ku Kachulu. Yonyowa ndi petulo ndiye kuti injini yamwa mafuta ambiri: ipukuteni, tsekani choko, menyani kiki kangapo pulagi ili kunja. Yoyera mbuu ikusonyeza kuti injini ikutentha ndipo mafuta akuchepa, ndiye musaithamangitse. Poyesa moto, bwezerani pulagi m'kapu yake, igunditseni ku chitsulo cha injini mutagwira pa labala, mnzanu amenye kiki. Moto wabwino ndi wabuluu, wothetheka. Ukapanda kuoneka yesani pulagi yatsopano ija. Ukapandabe, onani kapu ya pulagi, mawaya opita ku koyilo ndi ku CDI (kabokosi kolamulira moto wa pulagi), ndi mawaya a kuseri kwa kiyi, amene amakhwepa ndi kugwedezeka kwa msewu wa fumbi.

Sitata ikangoti ke ke ke, nyali zili zofooka, ndi batire kapena mitu yake yakhwepa. Imangeni, kenako menyani kiki. Ngati kiki palibe, ikani giya yachiwiri, gwirani kilatchi, anzanu akankhe, mumasule kilatchi mutakhala pa mpando. Magetsi onse akafa, onani fiyuzi pafupi ndi batire. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, ndipo mumufufuze mumukulunge tepi. Kumanga fiyuzi ndi waya kapena pepala la siliva la m'paketi ya fodya kumatentha mawaya onse a njinga.

Njinga imene yazimira m'madzi musaimenye kiki. Madzi sapanikizika, ndipo akakhala mu silinda amapinda chitsulo chogwira pisitoni. Itulutseni, chotsani pulagi, finyani fyuluta ya mpweya, khetsani kabuleta, menyani kiki pulagi ili kunja mpaka madzi atasiya kutuluka. Oyilo akasanduka woyera ngati mkaka, asinthidwe musanapite patali.

Tayala likaphwa mukuyenda, njinga imayamba kuvina. Musafinye buleki mwadzidzidzi. Tsitsani moto pang'onopang'ono, gwirani handulo mowongoka, muime. Pomata, pezani chimene chabowola ndipo muyendetse chala mosamala mkati mwa tayala, apo ayi chubu chatsopano chibowokanso pomwepo. Guluu aume kaye musanaike chigamba, ndipo pobwezera ikani mpweya pang'ono m'chubu kuti zitsulo zisachitsine. Pafupi ndi malo a malonda, okonza njinga a pansi pa mtengo amachita ntchitoyi msanga kuposa ambiri a ife, ndipo kuwalipira n'kwabwino kuposa kutaya ola.

Tcheni chikavuka, zimitsani injini musanaikepo dzanja. Chikoleni pa sipuloketi yakumbuyo, zungulitsani wilo ndi dzanja, kenako chikokeni mofanana mbali zonse ziwiri. Poika kaloko, mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni chimalowera poyenda.

Ku Liwonde mu Okutobala kumatentha kwambiri kuposa ku Zomba, ndipo injini zathu zimazizira ndi mphepo. Ikayamba kufooka ndi kulira ngati muli timiyala mkati, imani pamthunzi, onani oyilo, idikireni izizire yokha.

Zikakanika zonse, kukokana ndi chingwe pa M3 kapena potsika phiri musayese. Pezani galimoto yonyamula, kapena sungitsani njingayo pakhomo lodziwika mutadziwitsa mwini khomo ndi amfumu. Mwini njinga akwezedwe ndi mnzake, atavala helemeti yake.

10. Wina akagwa

Awiri athamangire mbali zonse za msewu kukachenjeza magalimoto, wina azimitse njinga yagwayo. Wovulala asadzutsidwe mwachangu. Helemeti musamuvule pokhapokha ngati sakupuma kapena akusanza, chifukwa khosi likhoza kukhala lavulala. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera osasiya. Musamupatse madzi kapena chakudya. Amene wamenyetsa mutu, kapena akudandaula khosi kapena msana, asakwezedwe pa njinga, mupezereni galimoto ndipo anyamulidwe thupi lili lowongoka. Ngakhale atanena kuti ali bwino, amene anakomoka ngakhale pang'ono akaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Popsa ndi ekizozi thirani madzi oyera kwa mphindi 20, osapaka mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Dziwiranitu zipatala za njira yanu: Zomba Central m'tauni, St Luke's ku Malosa, ndi chipatala cha boma la Machinga chimene chili pa Liwonde. Kadziwitseni apolisi, ndipo mmodzi wa gulu aimbire wachibale uja n'kukhala ndi wovulalayo mpaka abale atafika.

11. Kubwerera

Nthawi yobwerera muikonze kuchokera pa kulowa kwa dzuwa. Mu Juni limalowa isanakwane 5:30, ndipo m'tauni mdima umafulumira chifukwa phiri limatchinga. Usiku pa M3 pali ngolo ndi njinga zakapalasa zopanda nyali, ndiponso magalimoto a nyali imodzi amene patali amaoneka ngati njinga inzanu. Ngati kukonza njinga kwakudyerani nthawi, dulani ulendo, malo otsalawo mudzawaona tsiku lina.

Pobwerera anthu amakhala atatopa ndipo aliyense amafuna kupatukira kwawo, wina ku Chinamwali, wina ku Matawale, wina ku Sadzi. Wopatuka aliyense anene pamalo opumira omaliza kuti apatukira pati, kuti wotsekera kumbuyo asabwerere kukafuna munthu amene ali kale pakhomo. Aliyense akafika alembe pa gulu la WhatsApp kuti wafika, ndipo mtsogoleri awerenge mayina onse. Dzina likasowa, aimbe foni, ndipo ikapanda kuyankhidwa, awiri abwerere njira yomweyo kukamuyang'ana.